Mabawuti Aŵiri Obisala Kuseri kwa Injini

Ambiri mwa ophunzira amene ndidawaphunzitsa, atalemba mayeso a Fomu 4, adakaloŵa m'magalaja kukaphunzira umakaniko. Mmodzi wa iwo adandiitana tsiku lina Loŵeruka kuti ndikaone ntchito ya manja ake. Ndidampeza ali chagada kunsi kwa Toyota Hilux yakale, ya injini ija imatchedwa 22R, imene idayamba kupangidwa m'chaka cha 1981. Kilachi inali itatha, ndipo munthu sangaifike asanatsitse giyabokosi.

"Aphunzitsi," adatero mnyamatayo akupukuta thukuta, "mabawuti am'munsi onse ndachotsa, koma aŵiri apamwamba andikanika chiyambire m'maŵa."

Tiyeni tiyambe tamvetsa gwero la vutoli. Pakati pa injini ndi giyabokosi pali chigoba chooneka ngati belu, chimene amakaniko amachitcha bellhousing, ndipo m'kati mwake ndimo mukhala kilachi. Chigobachi chimamangidwa ku injini ndi mabawuti ozungulira m'mbali mwake, amene pa galimoto imeneyi mitu yake imafuna sipanala ya mamilimita 17. Aŵiri apamwamba ali pampanipani, pakati pa injini ndi khoma lachitsulo lotchinga chipinda cha woyendetsa. Dzanja likaloŵapo, sipanala siiloŵa. Sipanala ikaloŵa, isoŵa pokhotera.

Mkulu wa galajayo, bambo wa imvi wosachulutsa mawu, adayamba ndi kumdzudzula. Adamlamula kuti abwezeretse mabawuti aŵiri am'munsi, pakuti katundu yense wa giyabokosi anali atatsamira pa apamwamba okhawo, ndipo bawuti yolemedwa imavuta kumasula. Apamwamba ndiwo ayenera kuyamba, am'munsi nkutsiriza.

Kenaka adatisonyeza njira yake, ndipo kunena zoona idandidabwitsa: bawuti imene yakana pafupi amaitsata kuchokera kutali. Atamasula waya wa batire, adachotsa shafuti yopita ku matayala akumbuyo, ndodo yosinthira magiya ndi sitata. Adaika jeke kunsi kwa giyabokosi, namasula mtanda wachitsulo umene umainyamula, natsitsa jekeyo pang'onopang'ono. Mchira wa giyabokosi utatsika, injini idapendekera kumbuyo, ndipo pamwamba pa giyabokosi padatseguka kanjira koongoka kofika pa mabawutiwo. Apa mpofunika maso aŵiri ena kutsogolo, chifukwa kutsitsa mopitirira kungapanikize mapaipi a madzi kapena kugunditsa fani.

Adalumikiza ndodo zotalikitsira sipanala zitatu, kutalika kwake pafupifupi mita imodzi, naika mfundo yopindika ndi soketi kumapeto. Mfundoyo adaikulunga ndi tepi kuti isamagwe mphwayi isanafike pa bawuti. Soketi adasankha ya ngodya 6, osati 12, popeza ya ngodya zambiri imaterereka ndi kudya mutu wa bawuti yadzimbiri. Mutu ukangodyeka pamalo otero, ntchito ya ola limodzi isanduka ya masiku aŵiri. Mnyamata uja adapisa dzanja kuchokera pamwamba kuonetsetsa kuti soketi yakhala bwino, mkuluyo nakoka ali kumbuyo kwa giyabokosi. Tidamva kuti "tswa!" ndipo bawuti idagonja. Inzake idafuna mafuta ofeŵetsa dzimbiri ndi kudikira kwa mphindi zingapo.

Chimodzi chokha sichidandikondweretse, ndipo sindidachibise ngakhale ndinali mlendo. Galimoto inali itakwezedwa pa jeke ina, popanda chochirikiza. Jeke ikhoza kufooka nthaŵi ina iliyonse, ndipo munthu amene ali kunsi sapeza mpata wothaŵira. Tidaima kaye kufikira ataika zochirikiza zachitsulo ndi miyala kutsekera matayala.

Mabawuti onse atatuluka, giyabokosi idakanirirabe. Wophunzira wanga adatola chitsulo kuti akanule, koma adamletsa. Chigobacho nchaaluminiyamu, ndipo chikang'aluka mwini galimoto alipira ndalama zoposa za kilachi imene adadzera. Adaŵerenga maboo onse ndi chala kuti atsimikize kuti palibe bawuti yotsala, kenaka adagwedeza giyabokosi uku ndi uku, naikokera kumbuyo moongoka kufikira idasomphoka pa zikhomo zake ziŵiri. Mabawutiwo adawasomeka pa katoni monga mwa malo awo, pakuti satalika mofanana.

Sabata yamaŵa tidzaona m'mene kilachi yatsopano imaikidwira pakati penipeni, kuti giyabokosi ibwerere popanda kuikoka ndi mabawuti.