Kodi mumadziwa? Mphamvu ya mbedza ili pa mfundo

Kodi mumadziwa kuti chingwe chowedzera nsomba nthawi zambiri chimadukira pa mfundo? Pamene chingwe chapindika ndi kufinyika m'pamene chimachepera mphamvu. Kampango kapena mlamba ukathawa ndi mbedza, kawirikawiri vuto limakhala kamangidwe.

• Chingwe cha nayiloni chikakokedwa chili chouma, chimakhulana n'kutentha, ndipo kutenthako kumachifooketsa. N'chifukwa chake asodzi odziwa ntchito amanyowetsa mfundo ndi madzi kapena malovu, kenako n'kuikoka pang'onopang'ono mpaka itagwira.

• Mfundo yotchedwa Palomar ndi imodzi mwa zolimba kwambiri, komanso ndi yosavuta. Pindani chingwe pawiri, chilowetseni pa diso la mbedza, mangani mfundo wamba yolekera, pisani mbedza yonse m'goli lotsalalo, nyowetsani n'kukoka.

• Pa mfundo ya clinch, mukalowetsa chingwe pa diso, kulungani nsonga yake pa chingwe chachikulu ka 5 mpaka ka 7. Mukakulunga kochepa, nayiloni amaterera n'kumasuka.

• Nayiloni anapangidwa koyamba mu 1935 ndi kampani ya DuPont ku America. Kale asodzi ankapota zingwe za thonje, luzi kapena ubweya wa kumchira kwa hatchi.

• Mbedza zina zakale kwambiri zinapezeka m'phanga pa chilumba cha Okinawa ku Japan. Zinasemedwa ku zigoba za nkhono za m'nyanja zaka pafupifupi 23,000 zapitazo.

Musanaponye mbedza m'madzi, yesani mfundo yanu poikoka mwamphamvu. Mukavuula nsomba yaikulu, dulani mfundoyo, mumange ina yatsopano.