Nyale za ngolo zikazima, vuto silikhala pa babu nthawi zonse

PETAUKE – Aliyense amene anayendapo usiku pa mseu wa Great East Road, kucokera pa mlatho wa Luangwa kudzera pa Kacholola ndi Nyimba kufika ku Petauke, adziwa m'mene mseuwu umakhotera m'mapiri. Pa malo otere, ngolo yopanda nyale ndi msampha, pakuti woyendetsa basi kapena lole wobwera m'mbuyo amaiona atafika kale pafupi.

Ngolo zonyamula mabwato, zimene zimatsikira ku mtsinje wa Luangwa, ndizo zimavuta kopambana. Zimalowa m'madzi potsitsa bwato, ndipo zikatuluka zimabwerera m'fumbi ndi m'miyala. Malamulo a pa mseu, amene apolisi ndi bungwe la RTSA amayang'anira, amafuna kuti ngolo ikhale ndi nyale zogwira nchito kumbuyo kwake. Koma anthu ambiri nyale ikazima amathamangira kugula babu latsopano, pamene cobvuta cili pena.

Poyamba, dziwani ngati vuto lili pa galimoto kapena pa ngolo. Zulani pulagi ya ngolo ndi kuyatsa nyale za galimoto. Ngati za galimoto nazonso siziyaka, yang'anani fyuzi. Ngati ziyaka, yesani soketi ya kumbuyo ndi kanyale koyesera ka mavoti 12, mnzanu akuponda buleki ndi kuyatsa ma indiketa. Soketi ikapezeka kuti ili bwino, ndiye kuti matenda ali pa ngolo.

Ngolo zing'onozing'ono zambiri zimakhala ndi pulagi ya mapini 7, ndipo waya uliwonse uli ndi mtundu wake. Wacikasu ndi wa indiketa ya kumanzere, wobiriwira ndi wa indiketa ya kumanja, wofiira ndi wa nyale za buleki. Wakuda ndi wabulauni amapita ku nyale za kumbuyo zoyaka usiku, wakuda kumanzere, wabulauni kumanja. Wabuluu ndi wa nyale ya nkhungu kapena zinthu zina zowonjezera. Woyera ndiwo umene amakanika amaucha earth. Komabe ngolo yakale, imene yadutsa m'manja ambiri, ingakhale kuti mawaya ake anasinthanitsidwa, cotero yesani uliwonse musanadule.

Waya woyerawo ndiwo gwero la mabvuto ambiri. Magetsi amacoka ku batire kupita ku babu kudzera m'waya wa mtundu wake, koma ayenera kupeza njira yobwerera, ndipo njira imeneyo ndi waya woyera kapena citsulo ca ngolo cimene wayawo wamangidwapo. Pamalo pomangirapo pakacita dzimbiri, magetsi amafunafuna njira ina, n'kudutsa m'mababu ena. Ndiye cifukwa cake mumaona zodabwitsa: mukayatsa indiketa nyale zonse zimaphethira mwa cizimezime, kapena mukaponda buleki nyale za usiku zimazima. Zikatero, masulani bauti yogwira waya woyera, palani citsulo ndi sandipepa mpaka ciwale, mangani kolimba ndi kupakapo girisi pang'ono. Musadalire citsulo cokokera ngolo kuti ndico cibweze magetsi, pakuti cimagwedera ulendo wonse.

Ngati nyale imodzi yokha ndiyo yazima, tsegulani galasi lake. Onani ngati kawaya ka m'kati mwa babu kaduka, ndiponso ngati pokhala babu pabiriwira ndi dzimbiri. Babu la indiketa limakhala la mawati 21, pamene logwira nchito ziwiri, ya buleki ndi ya usiku, lili ndi tiwaya tiwiri, ka mawati 21 ndi ka mawati 5. Kuika babu la kawaya kamodzi pa malo a babu la tiwaya tiwiri kumasokoneza nyale zonse.

Fyuzi ikamapsa mobwerezabwereza, pali waya umene wasupuka ndipo ukukhudza citsulo. Tsatirani mawaya ndi manja kucokera pa pulagi mpaka kumbuyo, makamaka pamene amalowa m'mabowo a citsulo ndi pamene analumikizidwa mongopota. Ngolo imene yakhala miyezi pafupi ndi nkhokwe iyang'anidwe bwino, cifukwa makoswe amatafuna mawaya. Musaike kawaya kapena kapepala konyezimira m'malo mwa fyuzi. Fyuzi inapangidwa kuti ipse yokha pofuna kupulumutsa galimoto, ndipo woicotsa akuitana moto.

Kwa a ngolo za mabwato, langizo lalikulu ndi ili: zulani pulagi musanalowetse ngolo m'madzi, ndipo dikirani pang'ono kuti mababu azizire. Babu lotentha likakhudza madzi ozizira limasweka. Mukatuluka, lekani madzi akhe musanalumikizenso. Nyale za LED zomatidwa kuti madzi asalowe zimakhalitsa kuposa za mababu, ngakhale mtengo wake ndi wokwererako. Ena amamanga nyale pa thabwa locotseka, limene amalisunga m'galimoto pofika pa doko.

Malangizo omwewa ndi othandizanso alimi amene amakoka ngolo za cimanga, nshawa ndi thonje kupita ku misika ya ku Petauke ndi Nyimba nthawi yokolola. Musananyamuke, imikani munthu kumbuyo aone nyale za usiku, za buleki ndi ma indiketa onse awiri. Pukutani fumbi pa magalasi ndi pa zonyezimira zofiira, ndipo nyamulani mababu ndi mafyuzi apadera. Nyale zikakana kuyaka dzuwa litapendeka, gonani pomwepo, mukapitirize ulendo kukaca.