Anthu a Nyali Amene Amatidyetsa Usipa

Kuno ku Mulanje Mission nyanja tilibe. Tili ndi phiri, minda ya tiyi ndi mitsinje ngati Ruo ndi Likhubula, momwe mnyamata wa mbedza akakola milamba iwiri amabwerera kunyumba akuimba mluzu. Koma tadutsani madzulo pamene odikirira odwala amaphikira kuchipatala: fungo lokulonjerani ndi la usipa. Kamulu kamene mayi wagula pa Chitakale kanagwidwa usiku, kutali ku Msaka kapena ku Makanjira m'boma la Mangochi, ndi anthu amene sitinawaonepo nkhope.

Usipa sufuna nyambo, umafuna kuwala. N'chifukwa chake pagulu la asodzi a khoka la chilimira munthu wofunika kwambiri ndi siginala. Iyeyu amakhala yekha m'bwato lake, nyali zili kumapeto kwa bwatolo, kale za parafini, masiku ano zambiri za mabatire. Amadikira phee, maso pamadzi, mpaka usipa utakwera n'kuyamba kunyezimira pansi pa nyalizo. Akaona kuti wadzadzana amakuwira anzake. Maboti awiri amaponya khoka mozungulira, iye n'kumapalasa pang'onopang'ono kulowa pakamwa pa khokalo, nsomba zikumutsata. Akafulumira zimabalalika, akachedwa zimamira. Luso limeneli saliphunzira chaka chimodzi, ndipo siginala wodziwa eni makoka amachita kumulimbirana.

Okoka khoka ndiwo alovi. Zikhatho zawo n'zokakala ngati khungwa chifukwa cha chingwe chonyowa, usiku wonse kuponya ndi kukoka. Mwezi ukawala nyali sizikopanso nsomba, ntchito imaima. Mwera ukawomba, makamaka mu Juni ndi Julaye, ena amalowabe m'madzi chifukwa cha njala, ndipo si onse amene amabwerako. Chimandiwawa n'chakuti pogawana ndalama amayamba achotsa za mafuta a injini, mwini khoka n'kutenga gawo lake lalikulu, chotsalacho n'chimene amagawana anthu amene anagona pamafunde.

Kukacha ntchito imagwera amayi. Amagula usipa pagombe, wina kuufwafwaza, wina kuuyanika wauwisi pathandala, dzuwa likakana n'kuwaolera m'manja pamodzi ndi mpamba wonse. Wouma amaulongedza m'matumba kupita nawo ku Limbe, komwe ogulitsa athu amakapikula.

Kale ife a kuno tinkadalira kwambiri matemba a ku nyanja ya Chilwa, obwera panjinga kudzera ku Phalombe. Nyanjayo itaphwa mu 1995, ndiponso mu 2018, ndiwo za m'nyumba zambiri zinatsamira pa usipa ndi bonya. Tsono kamulu kakachepa pamsika timangokalipira mayi wogulitsa kuti wadula. Kawirikawiri chimakhala chachitika n'chakuti mwezi wawala kunyanja, kapena mwera wakhala sabata yathunthu, maboti ali pamchenga, siginala ndi alovi akusoka khoka pansi pa mtengo.