Chiberekero Chikachoka, Umayi Sutha

Lero tili m'mawodi a amayi, komwe dokotala akati "tichotsa chiberekero", wodwala ndi womudikirira amangoti kakasi.

Opaleshoniyi ndi yakale. Mu 1898, ku Vienna, dokotala Ernst Wertheim adachotsa chiberekero pamodzi ndi minofu yochizungulira mwa mayi wodwala khansa ya khomo la chiberekero. Njira yakeyo, ataikonzakonza, ikugwirabe ntchito mpaka pano. Kuno kwathu ndi yofunika zedi, pakuti Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe khansayi imapha amayi ochuluka kwambiri. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chija mumati Gulupu, madokotala athu ndi a bungwe la Médecins Sans Frontières amachita opaleshoniyi kwa omwe nthenda yapezeka isanafalikire.

Koma si khansa yokha ayi. Amayi ena amakhala ndi zotupa m'chiberekero, n'kumasamba mosalekeza mpaka magazi kuchepa m'thupi. Ena chiberekero chimang'ambika pobereka, mwana akalephera kudutsa kapena akamwa zitsamba zofulumizitsa matenda. Enanso chimawola atachotsa mimba mobisa. Zikafika apa, dokotala sakhala ndi nthawi yodikira ankhoswe. Amachotsa chiberekero kuti mayi akhale moyo.

Mavuto enieni amayamba mayi akatuluka m'chipatala. Kuchitsime amamunong'ona kuti ndi chumba. Apongozi amayamba kuuza mwana wawo kuti akwatire wina. Chonsecho zoona zake ndi izi: mayiyu sasambanso ndipo satenganso pakati, basi. Ngati timatumba tosunga mazira sanachotse, thupi lake limagwira ntchito monga kale. Bala likapola, pakatha milungu 6 kapena kuposerapo malinga ndi uphungu wa dokotala, za m'nyumba zimayambiranso bwinobwino. Kumunda adzapita, kumsika adzapita, ana ake adzawalera.

Ambiri sakadafika pampeni akadabwera msanga. Kuyezetsa khomo la chiberekero ndi kwaulere m'zipatala za boma, ndipo kuyambira mu 2019 atsikana akulandira katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansayi.

Ndiye inu amayi, mukaona magazi mutaleka kale kusamba, kapena mukangokhala malo amodzi ndi bambo, pitani kuchipatala lero lomwe. Ndipo inu abambo, mkazi wanu akachotsedwa chiberekero, msenzereni madzi mpaka bala lipole. Akadali mkazi wanu.