Madayisi a ana athu: juga ayi, koma masamu alimo

Ambiri a ife makolo kuno ku Britain tinakulira pa bawo, masewero amene amapambana ndi wodziwa kuwerengera. Dayisi tinkaiona pa ludo, apo ayi kuseri kwa msika kumene anyamata ankatchova juga. N'chifukwa chake mtima umakhala m'mwamba mwana akatulukira ndi kathumba ka madayisi achilendo, ena a mbali 8, ena 12, ena mpaka 20, n'kunena kuti akukasewera Dungeons & Dragons ndi anzake. Tikhazike mitima pansi, pa masewerowa sabetcherana ndalama.

Anawayambitsa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson ku America mu 1974. Osewera amakhala mozungulira tebulo, aliyense ali ndi pepala lofotokoza munthu wake wa m'nthano, kaya msilikali kaya mbala yochenjera, ndipo mmodzi amatsogolera nthanoyo. Wina akati "ndikukwera khoma" kapena "ndikunyengerera mlonda kuti anditsegulire chipata," pamafunika woweruza woti anene ngati zatheka. Woweruzayo ndi dayisi. Ndiye funso limene okonza masewerowa akhala akulimbana nalo ndi ili: luso lipatsidwe gawo lalikulu bwanji, nanga mwayi?

Kuyambira mu 2000, Dungeons & Dragons imayankha chonchi: ponya dayisi ya mbali 20, wonjezerapo nambala ya luso lako, ndipo zonse pamodzi zifike pa mlingo umene wotsogolera waika. Tinene kuti mlingo ndi 15. Mbuli yopanda luso iyenera kuponya 15 kapena kuposerapo, zimene zimatheka maulendo 30 pa 100. Katswiri wa luso la 5 akungofunika 10, ndipo amapambana maulendo 55 pa 100. Taonani bwino pamenepa: katswiri uja akulephera pafupifupi theka la nthawi! Chifukwa chake n'chakuti pa dayisi imodzi mbali zonse n'zofanana, 1 amatuluka kawirikawiri mofanana ndi 10. Ana amakonda zimenezi poti zimabweretsa phwete, koma kunena zoona, mmisiri amene amagwetsa khoma limodzi mwa awiri alionse sitingamulembe ntchito.

Steve Jackson, m'masewero ake a GURPS a mu 1986, anatenga njira ina. Amaponya madayisi wamba atatu, ngati a ludo aja, n'kuphatikiza. Atatuwa angagwe m'njira 216. Kuti utulutse 3 pali njira imodzi yokha, pamene 10 ali ndi njira 27, chimodzimodzinso 11. Choncho zotsatira zimaunjikana pakati. Kuno umapambana ukaponya nambala yosapitirira luso lako. Wa luso la 10 amapambana maulendo 50 pa 100, wa 12 pafupifupi 74, wa 14 pafupifupi 91. Kukwera masitepe awiri okha kwasintha zinthu kwambiri, pamene pa dayisi ya mbali 20 sitepe iliyonse imangowonjezera 5 basi. Ife tikuona kuti njira iyi ndi imene ikufanana ndi moyo weniweni: wodziwa ntchito amalakwitsa mwa apo ndi apo.

Eni Dungeons & Dragons nawo sanagone. Mu 2014 anaika lamulo lakuti zinthu zikakuyendera, monga mlonda uja akamasinza, uponye madayisi awiri a mbali 20 n'kutenga yaikulu. Apo avereji imachoka pa 10.5 kufika pafupifupi 13.8.

Koma imene yatisangalatsa kwambiri ndi ya Apocalypse World ya Vincent Baker, yomwe inatuluka mu 2010. Madayisi wamba awiri, kuwonjezera luso. Ukapeza 10 kapena kuposa, zatheka bwinobwino. Ukapeza 6 kapena kutsika, mavuto. Pakatipo, 7 mpaka 9, zatheka koma ulipira kanthu: khoma wakwera, koma chikwama chatsalira pansi. Kwa wopanda luso lowonjezera, njira 15 mwa 36 zimagwera pakati pomwepo, ndiye nthano siima, imangokhota.

Ophunzira amene mukukonzekera mayeso a GCSE mwazindikira kale kuti awa ndi masamu a probability amene mumakumana nawo m'kalasi. Yesani kulemba tebulo la njira 36 za madayisi awiri, muwerengere nokha mmene wa luso la 2 amapambanira. Makolo, mukawapeza ali pa tebulo Loweruka likubwerali, afunseni mlingo umene akufuna kufika ndi mbali zingati za dayisi zimene zingawapulumutse.