Kuwerenga Mabwinja a ku Ireland

Alendo amene amandiperekeza pa ntchito yanga yofufuza za m'mabwinja m'midzi ya ku Ireland, maso awo amathamangira ku makoma a miyala amene aima patali atakutidwa ndi zomera zoyanga, koma ine ndimawadandaulira kuti ayambe ayang'ana pamene aponda, pakuti mbiri yochuluka ya dziko lija inasungidwa m'dothi, ndipo monga ananenera akuluakulu, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mlimi akakulozerani m'busa mwake mtumbira wozungulira ngati mphete, wokhala ndi ngalande kunja kwake ndi khomo limodzi lokha, dziwani kuti mwaima pa bwinja limene eni dziko amalitcha ráth kapena lios. Otere analembedwa oposa 40,000, ndipo ambiri anaumbidwa pakati pa zaka za 600 ndi 900. Anthu amayesa kuti munali asilikali, koma tikafukula timapezamo maenje a nsanamira za nyumba zozungulira, phulusa la pa mafuwa, mphero ndi mafupa a ziweto: unali mudzi wa banja limodzi, ndipo mtumbirawo, pamodzi ndi mpanda wa pamwamba pake, unali kutchinjiriza ng'ombe kwa achifwamba a usiku, popeza masiku amenewo ulemu wa munthu ndi dipo la mlandu wake zinkawerengedwa ndi ng'ombe. Chimene chinasunga malo awa kufikira lero ndi mantha, chifukwa anthu a kumudzi ankati mumakhala anthu osaoneka, ndipo wodula mtengo waminga womera m'menemo akudziputira tsoka. Ine sindiseka chikhulupiriro chimenechi, pakuti chinalondera mabwinjawa zaka mazana ambiri lamulo lowateteza la 1930 lisanabadwe. Ndipo pamene manthawo anayamba kuzilala, makina osalaza minda anafafaniza ambiri m'tsiku limodzi, chinthu chimene chimandiwawa mtima.

Tsono m'chaka cha 1169 Anormani anakocheza ku Bannow Bay, ataitanidwa ndi Diarmait Mac Murchada, mfumu ya Leinster imene inalandidwa ufumu wake. Munthu wolowa m'dziko la eni ndi lupanga alibe nthawi yosema miyala. Motero iwo ankakumba ngalande yozungulira, naunjika dothi lake pakati kufikira litakhala ngati chulu chachikulu chosalala pamwamba, namangapo nsanja ya mitengo. Chulu chotere timachitcha motte, ndipo china chooneka bwino chili ku Granard, cha m'chaka cha 1199. Ngakhale linga lotchuka la Trim, m'mbali mwa mtsinje wa Boyne, linayamba ndi dothi ndi mitengo pamene Mnormani Hugh de Lacy anapatsidwa dziko la Meath mu 1172. Litatenthedwa pa nkhondo, m'pamene anamanga la miyala.

Koma nsanja zimene mlendo amaziona kawirikawiri, zitaima zokha pakati pa msipu, n'zomangidwa pambuyo pake ndithu, za m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500, ndipo ankamanga ndi eni minda olemera, mbadwa ndi zidzukulu za Anormani zomwe. Mu 1429 kunatuluka lamulo lopatsa mapaundi 10 munthu womanga nsanja ya mapazi 20 m'litali, 16 m'lifupi ndi 40 msinkhu wake m'zigawo zozungulira Dublin. Mukalowa pakhomo mukweze maso, mudzaona chiboo pa denga chimene mwini nyumba ankakanthirapo mdani wothyola chitseko. Koma mukatulukanso mufunefune m'udzu maziko a khoma lozinga bwalo, lotchedwa bawn, dzina lochokera ku mawu a chinenero cha eni dziko otanthauza linga la ng'ombe. Patapita zaka mazana, nkhawa inali yomwe ija.

Funsani mlimi aliyense kuti ndani anagwetsa nsanja ya m'munda mwake, adzakuyankhani kuti ndi Cromwell, amene anafika ndi mizinga mu 1649. Zina anaphwasuladi ankhondo ake, koma zambiri eni ake anangozisiya nasamukira m'nyumba zofunda ndi zowala. Denga litagwa mvula inalowa m'makoma, ndipo anansi anatuta miyala yosema kukamangira makola ndi mipanda.

Pali chinthu chimodzi chimene sinditopa kuchionetsa. Chipinda cha pansi cha nsanjazi chimakhala ndi denga la miyala lokhota ngati uta, ndipo polimanga amisiri ankayamba aimika mitengo, nayalapo timitengo tolukidwa ngati dengu, nathirapo matope a laimu, kenaka n'kuyala miyala. Mitengoyo inachotsedwa kalekale, koma mukaunika ndi tochi chammbali, mikwingwirima ya zolukazo imaoneka m'laimu, mzere ndi mzere, ndipo mwina mumapezamo kamtengo kenikeni kali chikanirire, kamene munthu wina anakadula kuthengo ndi kukapinda ndi zala zake zaka 500 zapitazo.