Thiranki la ku Joni lisathere ku dzimbiri

M'midzi yambiri ya ku Malawi, pakona ya chipinda pamapezeka bokosi lachitsulo lothothoka penti, loko wake atatayika kalekale. Ambiri mwa mathiranki amenewa anabwera ndi abambo amene ankapita ku migodi ya golide ku Joni kudzera ku Wenela. Pobwerera ankalongedzamo mabulangete, majekete ndi nsalu za mayi a kunyumba. Maulendowa anaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Anayambiranso mu 1977, koma anatheratu mu 1988.

Lero mathiranki otere amagulitsidwa motchipa kwa ogula zitsulo zakutha. Komatu ambiri angathe kukonzedwa ndi mmisiri wokhoma zidebe wa pamsika, n'kutumikira banja zaka zina zambiri.

Ntchito imayamba ndi kuchotsa dzimbiri pogwiritsa ntchito burashi ya waya ndi sandipepa. Pamene dzimbiri lakanirira, viniga amathandiza kulifewetsa. Wokonza ayenera kunyowetsa chitsulo pochipala ndiponso kutseka pamphuno ndi pakamwa, chifukwa penti wakale nthawi zambiri amakhala ndi mtovu, umene fumbi lake ndi loopsa makamaka kwa ana. Malo opindika amawongoledwa ndi hamala, kumbuyo kwake atatsamiritsako thabwa. Pansi pakabooka, mmisiri amadula chigamba cha lata n'kuchikhomerera ndi mariveti. Akamangitsa mahinjesi ndi zogwirira, amatsuka bokosilo, kuliumitsa padzuwa, kenaka n'kupaka penti wofiira woteteza ku dzimbiri asanapake wa mtundu umene mwini wake akufuna.

Thiranki lokonzedwa bwino silingabooledwe ndi makoswe kapena chiswe. Mlimi angasungemo mbewu youma bwino ya nyemba ndi mtedza, ndipo gulu la banki m'khonde lingaikepo maloko atatu n'kumasungiramo mabuku ndi ndalama. Chofunika n'kulikhazika pa matabwa kuti lisakhudze chinyontho chapansi. Feteleza ndi mchere zisalowemo, pakuti zimadya chitsulo msanga.

Koma ntchito yonseyi isanayambe, banja liunike bwino zimene zili m'kati. Mu 2019, khoti la ku South Africa linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana R5 biliyoni zolipira anthu amene anadwala TB kapena silicosis, matenda obwera ndi fumbi la mumgodi, atagwira ntchito m'migodi ina ya golide kuyambira mu 1965. Bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lipereke chipepesochi, ngakhalenso kwa mabanja a amene anamwalira. Khadi la ku Wenela, chiphaso kapena kalata ya kuchipatala zimathandiza kutsimikiza kuti munthu anagwiradi ntchito kumeneko.

Alangizi ndi atsogoleri a magulu akumbutse mabanja kuti mapepala oyuwa a pansi pa thiranki asamakolezere moto. Awaike m'pulasitiki, ndipo penti akauma awabwezere m'bokosi lomwelo limene linawasunga zaka zonsezi.